Phiri la Amayi ndi Malenzi a Alamu

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, ndi wojambula zithunzi. Msewu wonse umawatcha a Dikirakaye, chifukwa munthu akakhala pampando m'situdiyo mwawo, tayi ili pakhosi, mano ali kale pamtunda, iwo amakweza chala n'kunena kuti, "Dikirani kaye." Amasuntha nyale, amapukuta galasi, amabwereranso kunyale kuja, mpaka kumwetulira kumauma. Mukaona chiphaso chokhala ndi nkhope ya munthu wotopa m'tauni muno, dziwani kuti ndi ntchito ya manja awo.

Situdiyoyo ndi kachipinda ka kuseri kwa telala, kokhala ndi nsalu yojambulidwa mathithi yomwe mphemvu zinadya m'makona. Koma musayerekeze kuwatcha wojambula za ziphaso. Iwo amati ndi wojambula mapiri ndi zigwa, ngakhale palibe amene anaonapo chithunzi chawo cha chulu n'chimodzi chomwe. Umboni wawo ndi chikamera chomwe anagula kwa mkulu wina amene ankatseka situdiyo yake, cholemera ngati simbi ya makala, cha filimu yaikulu yoti chithunzi chimodzi chimadzaza chikhatho. Filimu yotereyi ukhoza kuikulitsa mpaka kufanana ndi chitseko, zinthu n'kumaonekabe bwinobwino. Pamenepo sanama. Vuto linali lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera, yomwe inabwera ndi kamerayo: chinthu chikakhala patali inkachionetsa ngati nsabwe.

Amayi athu anafa miyendo atadwala sitiroko, ndipo dziko lawo lonse linasanduka bedi ndi zenera. Pazenerapo pankaoneka phiri la kumapeto kwa tauni, pomwe malemu bambo ankalima. Chapakati pa phirilo bambo anasiyapo mtengo wa mapeyala, ndipo amayi ankauyang'ana m'mawa uliwonse ngati akupereka moni kwa mwini wake. Kenako munthu wina anamanga nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi mpanda wathu. Zenera linatsala likuyang'ana njerwa.

Tinayesa kuwajambulira phirilo ndi mafoni, koma maso a amayi anali atayamba kale kuchita khungu.

"Mukundionetsa chiyani apa? Bokosi la machesi?" anatero, n'kukankha foni.

Apa ndi pomwe alamu anadzuka pampando, n'kukonza lamba pamimba. "Amayi, zisiyeni m'manja mwanga. Ndikubweretserani phiri lanu, lalikulu ngati zenerali, mtengo wa abambo mudzawerenga masamba ake."

"Zikomo bambo, ndidikira," anayankha amayi. Sankadziwa kuti akunena mawuwo kwa mwini wake wa kudikiritsa.

Pankafunika lenzi yokokera zakutali, ndipo kwa wogulitsa makamera akale kunali ziwiri zokwana pachikamera chija. Ina inali zumu: umangopotokola, phiri n'kuyandikira kapena kubwerera m'mbuyo iwe uli pamalo amodzi. Ina ankaitcha pulaimu, yosapotokoka, yoona pamlingo umodzi basi. Ukafuna kuti zambiri zilowe m'chithunzi, umabwerera m'mbuyo ndi miyendo yako. Munthu wamba akanatseka maso n'kutola imodzi. Osati alamu.

"Mlamu, zumu ili ndi magalasi ambiri m'kati," ankandiuza ine, ngati ndawafunsa. "Amaba kuwala. M'makona mwa chithunzi mumafewa. Ndiye kulemera kwake, miyendo itatu ya kamera imachita kunjenjemera."

"Ndiye tengani inayo."

"Iiii, pulaimu ndi yakuthwa, koma imafuna kuyenda. Ukwere apa, utsike apo."

Amenewa ndi munthu amene amakwera minibasi popita kumsika woonekera pakhomo.

Wogulitsa uja, pofuna kuti malonda atheke, anawabwereka zonse ziwiri kuti akayese. Mukuganiza kuti anapita nazo kuphiri? Anakhoma nyuzipepala pakhoma la telala, n'kuijambula ndi zumu, n'kuijambulanso ndi pulaimu, kenako n'kukhala tsiku lonse atawerama pafilimu ndi kagalasi kokulitsira, kuyerekeza kuti chilembo chakuthwa chili pati. Telala anafika poidziwa nyuzipepala ija pamtima. Lolemba ankadzuka ali a zumu, pofika Lachinayi abwerera ku pulaimu. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa pano sanali iwo.

Dzinja linadutsa phiri lili lobiriwira, iwo akuti mitambo ikusokoneza kuwala. Chilimwe chinafika, akuti fumbi lachuluka mumlengalenga. Amayi sankadandaula. Alamu akabwera kudzawaona, amayi ankangofunsa mwaulemu kuti, "Phiri lija likubwera, bambo?" ndipo alamu ankayamba kuwafotokozera za makona ofewa, mayi woti ngakhale nkhope ya mdzukulu wake amaizindikira poipapasa.

Kenako kunabwera kampani yophwanya miyala. Inayambira kuseri kwa phiri, ndipo masana aliwonse kunkamveka kuphulika kogwedeza makapu m'kabati. Ine ndi mkulu wanga tinagwirizana zowauza amayi kuti akukonza msewu. Tinkaopa kuti akadziwa zoona, mtima wawo sungapirire. Mkulu wanga anawagwira amuna ake pamkono kukhitchini.

"Bambo a mwana, akuphwanya phiri lija. Pitani mawa, ndi lenzi iliyonse, ngakhale ya magalasi anu a m'masowo."

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero alamu, akutola chipisi cha nyama m'poto.

Ndinapsa mtima tsiku limenelo moti ndinatuluka panja kuopa kulankhula zoti ndingadzapepese.

Atadekha mokwanira, anasankha pulaimu, yomwe inkakoka zakutali kuposa zonse m'sitolo ya wogulitsa uja. Anapempha chilolezo chokwera padenga la nyumba ya katundu ija, ati kuti phiri lioneke mmene linkaonekera pazenera la amayi. Telala ndi amene anawanyamulira miyendo itatu ya kamera ija, ndipo ndi iyeyo anadzatiuza zomwe zinachitika kumwambako. Alamu atasuzumira m'kamera, anapeza kuti phiri silikukwanamo. Lenzi inakoka mopitirira, moti munkangooneka chigamba cha pakati. Zumu akanangoipotokola pang'ono. Pulaimu inkafuna kuti abwerere m'mbuyo, koma kumbuyo kwawo denga linali litathera pomwepo. Anasuzumiranso, kenako anati, "Komatu kuthwa kwake!" n'kudina.

Sanatiuze kuti chithunzi chatuluka. Anangotulukira masana ena ine ndikuwamwetsa amayi tiyi, iwo ndi telala atanyamulizana chifelemu chokutidwa ndi nsalu. Anachiimika pampando, kumiyendo kwa bedi, n'kuvundukula ngati akutsegulira chipatala.

Chinali chithunzi chakuthwa, zimenezo ndisawanamizire. Munali chibowo choyera chodzaza felemu yonse, miyala yosweka, ndi katapila wachikasu ataima pomwe panali munda wa bambo.

"Taonani, amayi!" anatero alamu, chala chili pagalasi. "Kuchokera padenga mpaka apo ndi mtunda, koma mabawuti a tayala akuoneka limodzilimodzi. Onani pakona apa, palibe kufewa. Zumu sikanatha zimenezi."

Mkulu wanga anali pakhomo, dzanja lili pakamwa. Amayi anandiuza kuti ndiwadzutse. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, akusuntha mutu uku ndi uku mmene amachitira akafuna kuona bwino.

"Mtengo wa bambo anu uli pati?"

A Dikirakaye anachotsa chala pagalasi paja. Nthawi yomweyo kunja kunaphulika, makapu n'kulira m'kabati. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Ndiye msewu uja ndi umenewu?"

Ndinangowerama.

"Zikomo bambo, mwajambula bwino," anatero kwa alamu. "Mwavutika. Kachiikeni kuseri kwa kabati."

Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za phiri, ndipo anatiuza kuti katani ya pazenera tizingoisiya yotseka. Alamu akadali kuseri kwa telala, kuumitsa anthu kumwetulira. Sabata yatha ndinawamva akuuza kasitomala kuti chinawalakwitsa ndi denga, linali lalifupi, ndipo akuganiza zokabweza pulaimu ija kuti atenge zumu.