Nsomba imene ndinasenza pamutu

Senderani pafupi ana inu, ndipo iwe wolembawe usandithamangitse, ine pensulo sindinaigwirepo.

Ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko, nthawi ya Chitaganya. Ababa anathawa chibalo kwa Apwitikizi, n'kudzapeza ntchito yaulonda pa damu la azungu kuseri kwa Limbe, ukamabwera kuno ku Chigumula. Azunguwo ankawedza mongosewera. Aliyense ankayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo nsomba yosafika pa muyezo ankaibwezera m'madzi. Ife kutunga anatilola, koma nsomba ayi. Ikapezeka pakhomo pa mlonda, ntchito yatha, nyumba yomwe, ndipo ababa analibe kwina kolowera koma komwe anathawa kuja.

Chaka chimenecho amayi anali ndi pakati. Nkhuli ya nsomba inawagwira moti ankalira kuseri kwa nyumba, ine ndikuwamva.

Loweruka lina masana ndikutunga, mzungu wina anakola kansomba, n'kukayeza pa kathabwa, n'kukaponya. Kanabwera chagada mpaka m'bango pamene ndinali, kakungotsegula kukamwa. Mumtima ndinati chotayidwa chilibe mwini. Ndinakatapa ndi chikho, n'kukalowetsa mumtsuko, n'kusenza.

Pachipata ndinapeza ababa ataima ndi mzungu woona ziphaso, amene tinkamutcha Chikaliwo chifukwa cha kaliwo wake wa fodya. Chinyanja ankachimva bwinobwino. Ankanena kuti nsomba zikuchepa, alipo amene akuzidya, ndipo akamupeza saona nkhope. Ababa ankangoti inde bwana. Kanjira kanali kopanikiza, ndipo mwana sadutsa pakati pa akulu akamayankhula, ndiye ndinaima pambali.

Apo ndi pamene kansomba kaja kanatsitsimuka. Kanamenya mtsuko, gu, ine ndinakamvera m'chigaza. Kanamenyanso, madzi n'kutayikira kumaso, kutsikira m'khosi. Chikaliwo anachotsa kaliwo kukamwa, n'kufunsa kuti mwanayu ndi wa yani, nanga akunjenjemera chiyani.

Ababa anayang'ana mtsuko, osati ine. Munthu amene anali asanandikalipirepo anakweza mawu.

"Iwe Esitere, watunganso m'bango eti? Ukufuna amako amwe matope? Bwerera, kawakhuthule pomwe wawatenga, ukatunge pamwala."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono, manja onse ali kukamwa kwa mtsuko. Kumbuyo ndinamva Chikaliwo akuseka, ati mlonda wake ndi waukhondo. Ndinakhuthula, kansomba n'kulowa m'bango osacheuka.

Kunyumba ndinadikira mkwapulo, koma sunabwere. Ababa anakhala pakhonde, kenako anati, "Akadakugwira, sakadafunsa dzina lako. Akadafunsa langa." Amayi atamva anagwira pakamwa, kenako anandinong'oneza kuti kodi nsombayo inali yaikulu bwanji.

Lamulo lija mpaka lero sindilikonda. Munthu kusewera ndi ndiwo ena akulira nkhuli. Koma ndinaphunzira kuti mwana wa mlendo salakwa yekha, mlandu wake umagwera amene anam'bweretsa.

Mwana wa m'mimba uja anabadwa wamphumphu ngakhale amayi sanaidye nsomba ija, ndi agogo anu a Dinala, amene anakalambira pa makina osokera pakhonde la mmwenye ku Limbe. Chikaliwo anapita kwawo Chitaganya chitatha. Damu linadzaza matope, anthu akulimamo chimanga. Amayi anakhala mpaka kuona zidzukulu. Ababa analonda mpaka maso atachita khungu, ndipo tinawaika ku Chigumula konkuno. Kwa Apwitikizi sanapondekonso.