Chitengwa cha ku Balaka

Alamu anga a Benedicto anali munthu wa njanji. Ndikati wa njanji musaganize oyendetsa sitima aja ovala chipewa, ayi. Iwo ntchito yawo inali ya piki ndi fosholo pa Mikolongwe: kukumba matabwa odyedwa ndi chiswe pansi pa njanji, kuikapo atsopano, kutsendera miyala. Ankabwera kunyumba ali mbuu ngati agwa m'phulusa, ine n'kumawaseka kuti mkulu wanga Bibiana anakwatiwa ndi mfuko. Sankakwiya. Anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mkamwini wanzeru amaseka nawo.

Chaka cha 1935, njanji yatsopano yopita kumpoto itatha, anawasankha kuti akakhale kapitawo ku Balaka. Nyumba akaipeza komweko. Koma kwathu mkazi sachoka pamudzi wa amake chifukwa mwamuna wakwezedwa pantchito. Pamafunika kupempha chitengwa kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba wathu anali amalume a Mikaele, munthu wouma mutu kuposa chitsa cha mbawa.

A Benedicto anapita ndi nkhoswe yawo, nkhuku m'manja, n'kukhala pansi mwaulemu.

“Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka,” anatero amalume. “Pitani nokha. Wanga sapita.”

Musawaone ngati ankhanza. Paunyamata wawo anali amtengatenga, ankasenza katundu wa azungu pamutu kudutsa ku Matope mpaka ku Ntcheu. Mng'ono wawo anadwala pa ulendo wotero, n'kumwalira tsidya la Shire, ndipo anamuika m'mbali mwa njira chifukwa kumudzi kunali kutali. Chichokereni apo, kwa iwo tsidya la Shire kunali kotayika anthu. Sitima ankangoiona ikudutsa kumunsi kwa munda wawo, osaikwerapo. Ankati ndi imene inawalanda ntchito.

Bibiana anasiya kudya. Mwamuna ankamufuna, amalume sakanawanyoza. Ine zinandipsetsa mtima, ndinkafuna kuti angothawa basi. Koma alamu anga anakana. Anati mkazi wotengedwa mobera alibe pobwerera.

Anapitanso kwa amalume, ulendo uno okha.

“Mwambo umati mwini mbumba aone kumene mwana wake akukakhala,” anatero. “Tiyeni mukaone. Mukakakana mutaona, ntchitoyo ndiisiya.”

Pamenepo amalume anagwidwa, chifukwa mwambo ankaulemekeza kuposa mawu awo omwe. Anakonzeka monga ankachitira kale: thumba la chimanga chokazinga, mbatata zootcha, mkeka, ndodo, kampeni. Anatsanzika nyumba ndi nyumba, n'kuuza amayi za mbuzi zawo ngati munthu amene sadzaonekanso mpaka mvula itagwa. Tinawaperekeza kusiteshoni. Analowa m'sitima atagwira ndodo ndi manja awiri.

Zam'njira anandiuza ndi a Benedicto. Akuti mpaka ku Limbe amalume sanayang'ane ndi pawindo pomwe. Atadutsa Blantyre anayamba kutchula mapiri ndi timitsinje, apa tinkagona, apa tinkatula katundu. Sitima itakwera mlatho wa pa Shire anaimirira. Pamenepo kale ankadikira bwato, mtima uli m'mwamba chifukwa cha ng'ona. Tsopano madzi anangodutsa pansi pawo, asanamalize n'komwe kuchita chizindikiro cha mtanda. Patsogolo pang'ono analoza chakuthengo, natchula dzina la mng'ono wawo, n'kukhala pansi.

“Kodi panali pafupi chonchi?” anafunsa.

Ku Balaka anayendera zonse. Anagogoda khoma la nyumba, analawa madzi a pachitsime, anafukula dothi la kuseri ndi ndodo, anafunsa kumene kuli tchalitchi. Za chitengwa sanatchule, ndipo alamu anga anaopa kufunsa.

Tinadabwa kuwaona akutsika pa Mikolongwe sabata isanathe, chimanga chija chisanafike ndi pakati pomwe. Bibiana anagwada n'kuwalandira thumba.

“Madzi a kumeneko ndi amchere, mwana iwe,” anatero amalume. “Nyemba sizipsa msanga. Uzikaviika usanagone.”

Bibiana anangoti kukamwa yasa. Kenaka anamvetsa, n'kuyamba kulira pomwepo, anthu a m'sitima akumuyang'ana pamawindo. Inenso ndinalira, koma ine ndinkalira kuti mkulu wanga akundisiya.

A Benedicto anagwira ukapitawo mpaka imvi, ndipo sanaterereke. Bibiana atatsala pang'ono kuchira mwana woyamba, anamukweza sitima m'mawa kuti adzachirire kwa amayi, ndipo dzuwa lisanalowe anali atakhala pakhonde pathu, akudandaula kuti miyendo yatupa.