Phazi Limene Tinabisa

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa bulugamu, ndipo mpaka lero pamtengopo pali limu ya njinga yokhomedwa ndi misomali inayi. Alendo akabwera amafunsa kuti imeneyi ndi ya chiyani. Ine sindikonda kuiyang'ana, chifukwa pansi pa limu imeneyi ndi pamene mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anatsala pang'ono kutaya mwendo. Ndipo ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ine mayi wake ndinaikapo dzanja.

Anali Fomu 2 pasekondale yoyendera, kumtunda kuno kwa Lizulu. Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wachinyamata amene anayambitsa mpira wachilendo, wogunditsa pansi kenako n'kuponya m'dengu. Iwo amati basiketibolo. Ife tinkadziwa ntchemberembaye basi. Mwanayu ndi wamtali ngati bambo ake, ndiye aphunzitsiwo sanachedwe kumuona.

Tsiku lina anawaonetsa ana pafoni kakanema ka katswiri wina wa mpirawo, wa ku America, amene pano anatisiya. Mwana wanga anabwera kunyumba ngati wabatizidwa kumene. Dzina la bamboyo lilime langa linkakana, ndiye ndinkangoti bambo wa m'foni.

"Amayi, munthu ameneyu ankadzuka anzake ali m'tulo. Anzake akamafika pabwalo, iye thukuta kale. Akaphonya kamodzi ankabwereza mpaka dzanja lizolowere lokha."

Ndinati, "Nanga ankatunganso madzi?"

Anaseka, koma m'mawa mwake ndinapeza mtsuko wodzaza ndisanadzuke. Abale, mwana amene ndinkachita kumukoka bulangete! Anayamba kulawira. Akatunga madzi, pabulugamu. Akaweruka, makope kaye, kenako pabulugamu. Limuyo anakapempha kwa okonza njinga kumsika, n'kukhoma yekha atakwera pamtondo. Kusukulu anayamba kukhoza bwino. Ine ndinkathokoza Mulungu, ndipo bambo wa m'foniyo ndinayamba kumukonda ngati wachibale. Bambo ake akachedwa kupita kudimba la kachewere ndinkawanena kuti, "Bambo, anzanu a ku America pano atuluka kale thukuta." Iwo ankangoti, "Akadzagwira khasu mudzandiuze."

Mwezi wa Juni aphunzitsi analengeza kuti pakatha masabata awiri kubwera anthu a ku tauni kudzasankha atsikana. Osankhidwawo akalowa timu, ndiponso akapeza malo pasukulu yogonera. Mwana wanga anasiya ngakhale kucheza ndi anzake.

M'mawa wina kukuzizira, nkhungu ili mbuu, ndinali kusesa pabwalo. Ndinamva mpira ukugunda, ukugunda, kenako zii. Nditazungulira kuseri ndinamupeza atakhala pansi, atagwira phazi lamanzere ndi manja onse. Anadumpha n'kutera pamuzu wa bulugamu. Sankalira. Milomo yokha inali itayera.

"Ndangobinya, amayi. Musawauze ababa."

"Iwe, bambo ako osawauza?"

"Akamva andiletsa kusewera. Amayi, katswiri uja mtsempha wa kuchidendene unaduka ali pabwalo. Sanalole kunyamulidwa. Anaima, anaponya kawiri, konse unalowa, n'kutuluka akuyenda yekha. Ndinaona ndi maso anga pafoni. Ine kubinya kokhaku ndigone?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Mawu amenewo sanali achilendo m'makutu mwanga. Ife akazi akuno tinalangizidwa kuti mkazi sabuula. Ana anga onse ndinabereka osatulutsa mawu, ndipo anamwino ankandiyamikira. Matumba a kachewere ndasenza msana ukuwawa. Ndiye mwana wanga atanena za kupirira, mtima wanga unanyada m'malo mochita mantha. Ndinati mwana uyu watengera ine.

Ndinachita zimene amayi anga ankachita munthu akabinya. Ndinawiritsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinaviika kansalu n'kumathowa pakakolo. Kenako ndinagwira chidendene n'kukoka phazilo kuti mitsempha ibwerere m'malo. Mwana analuma chitenje changa, misozi ili chuchuchu, koma mawu ayi. Ndinang'amba chitenje chakale n'kumanga zolimba, pamwamba anavala sokosi. Kunali kozizira, ndiye sokosi sinadabwitse munthu.

Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse, bambo ake akangotsikira kudimba. Ndikamaliza kuthowa, iye ankanyamuka kupita pabulugamu, ndipo ine ndinkamva mpira ukugunda. Kusukulu anawauza aphunzitsi kuti wabinya pang'ono, akupumitsa mwendo kuti tsiku losankha lidzamupeze ali bwino. Koma ulendo wa kusukulu wonse uja, wokwera ndi wotsika, ankayenda ndi phazi lomwelo.

Tsiku lachinayi kutupa kunafika kuzala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi khungu linayamba kuda, kuda kwake kwa biringanya, ndipo ndikadina ndi chala dzenje linkatsala.

Ine ndinali ndi malume anga, mlongo wawo wa amayi. Anadzitema ndi khasu paphazi ndili kamtsikana. Ankati n'kabala chabe, ankathira phulusa n'kumalimabe. Pamene anapita kuchipatala anabwerako ndi mwendo umodzi. Buluku lawo ankalipinda n'kumanga ndi chingwe pabondo, ndipo ife ana tinkaopa kuyang'ana. Zaka zonsezi ndinali nditaiwala chingwe chimenecho. Tsopano chinkandibwerera ndikamasenda kachewere, ndikamachapa, ngakhale m'tchalitchi. Pamapemphero a amayi Lachinayi anafunsa ngati pali wina ali ndi chopempherera. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Ndinachita manyazi kunena, chifukwa akanandifunsa kuti kuchipatala anena chiyani. Ndinangopemphera chamumtima kuti Ambuye, phwetsani phazi lija, bambo ake asanaone. Taonani pemphero lake. Ndinkapempha Mulungu kuti andithandize kubisa.

Ndinamuchonderera mwanayo kuti tipite kuchipatala.

"Kwatsala masiku asanu, amayi. Akandimanga chikhakha basi zanga zathera pomwepo. Kodi si inu mumati mkazi sabuula?"



Tsiku la msika tinanyamula kachewere kupita pa Lizulu, ine dengu lalikulu, iye laling'ono. Ndikacheuka ankayenda mowongoka, n'kundimwetulira. Pafupi ndi msewu pali sitolo ya magalasi aakulu, ndipo podutsa ndinamuona m'galasimo ali kumbuyo kwanga, osadziwa kuti ndikumuona. Phazi lija silinkaponda pansi. Ankalikoka ngati chinthu cha mwini, nkhope itakwinyika ngati nkhalamba. Nditacheuka anawongoka n'kumwetuliranso. Kachewere ndinamugulitsa mtengo umene wogula woyamba ananena, sindinanenerere n'komwe.

M'mawa mwake sindinathowe. Iye atanyamuka ndinadikira pang'ono, ndinavala chitenje chabwino, n'kulowera kusukulu kudzera njira ya kumunda kuti asandione. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo pakhomo la ofesi ya aphunzitsi ndimachita mantha ngati ndikadali mwana. Aphunzitsi a mpira aja anatuluka, tinapatsana moni, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, pepani, ndabwera kudzaona bambo wa m'foni uja. Pamene anavulala paja."

Anadabwa, koma anatulutsa foni. Ndinaona bwalo lowala ngati mbale, anthu odzaza mpaka kudenga. Ndinamuona bamboyo atagwa, atagwira kuchidendene. Ndinamuona ataima, nkhope ili gwa, akuponya, akuponyanso, kenako akutuluka pang'onopang'ono anthu akuwomba m'manja. Kakanemako kanathera pomwepo.

Ndinati, "Pitirizani."

"Katha, mayi. Ndi kakafupi."

"Nanga atalowa m'chipinda umo anatani? M'mawa mwake anabweranso kudzasewera?"

Aphunzitsi anaseka. "Ayi mayi, angasewere bwanji? Anathamangira naye kwa madokotala, anamuchita opaleshoni. Anakhala miyezi yambiri osaponda pabwalo. Ankachita kuphunziranso kuyenda ngati mwana."

"Zimenezo munawauza anawa?"

Anasiya kuseka. Anandiyang'ana, ndipo ine misozi inali itayamba kale. Ndinawauza zonse, za muzu, za madzi otentha, za kuda kwa khungu. Sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, masiku angati?" Nditati asanu ndi anayi anagwira kumutu, n'kuthamangira kukalasi.

Anamutulutsa, anamukhazika pakhonde, anamuvula sokosi. Mwana wanga anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. "Amayi, mwandigulitsa." Aphunzitsi anagwada pambali pake n'kunena kuti, "Wolakwa ndine. Ndinakuonetsani pamene anthu ankawomba m'manja pokha."

Kunatsala kwa bambo ake. Ndinawapeza kudimba akuthirira. Ndinagwada m'matope momwemo n'kuulula. Anaika kheni pansi bwinobwino, ndipo sanakweze mawu. Anati, "Mayi, m'nyumba mwanga momwe, masiku onsewa, ine ndikudya n'kumaseka?" Bola akanandikalipira.

Tinakwera minibasi kupita kuchipatala chachikulu paboma. Njira yonse, kutsetsereka konse kuja, ndinanyamula phazilo pamiyendo panga, ndikupemphera mawu amodzimodzi: Ambuye, chingwe chija ayi, chingwe chija ayi. Atamujambula tinadikira pabenchi. Munthu aliyense wodutsa ndi ndodo ndinkamuyang'ana kumiyendo, kuwerenga ngati ilipo iwiri.

Adokotala anakweza chithunzi kuwindo n'kutilozera kamzere. Fupa la pakakolo linali litasweka. Anati kuyendera ndi kukoka kuja kunalisuntha pang'ono, ndipo madzi otentha ankangowonjezera kutupa. Anafunsa kuti ankathowa ndani. Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi.

Ndinafunsa chimene ndinkaopa. "Adokotala, mudula?"

"Kudula ayi, mayi. Koma mukanakhalanso sabata ina akudumphira, sindikudziwa kuti tikanakamba zotani. Ngati adzayende osatsimphina, zimenezo tiona chikhakha chikachoka. Zidalira ngati amvere."

Ndinalira mokweza pamaso pa anthu, ine amene ndinabereka ana onse osabuula.

Anayamba adikira kuti kutupa kutsike, kenako anamumanga chikhakha mpaka pansi pa bondo. Tsiku losankha linafika iye ali pamkeka, mwendo uli pamtsamiro. Anzake awiri anatengedwa. Sabata yathunthu sanandilankhule. Ndikamupatsa phala ankalandira osandiyang'ana. Ndinkapita kuseri, pansi pa bulugamu pomwepo, kukalira ndi kuthokoza nthawi imodzi.

Chikhakha chitachoka mantha anabweranso. Mwendo unali utawonda ngati wa mwana wamng'ono, khungu likusupuka, phazi louma osapindika. Ataponda koyamba anapendekeka, ndipo ine ndinaona malume anga ataima pakhomo. Kuchipatala anamupatsa zochita tsiku ndi tsiku, zazing'ono zochititsa manyazi: kupinda zala, kuzunguliza phazi, kukoka ndi nsalu. Iye anati zimenezo ndi za nkhalamba, ndipo anangokhala.

Aphunzitsi aja anabwera kudzamuona Loweruka lina. Anakhala pampando pakhonde n'kumuuza kuti bambo wa m'foni uja, pa miyezi yake yodwala, ankakhala pansi n'kumatola timiyala tosewerera ana ndi zala za kuphazi, kamodzikamodzi, tsiku ndi tsiku, popanda womuwombera m'manja. Anati khama lake lija la pabwalo analitengera pa timiyalato.

M'mawa mwake ndikusesa ndinamva kakuti kho, patapita nthawi kho. Nditasuzumira ndinamupeza pakhonde, nyemba zanga zambewu zili palichero pansi, kapu yachitsulo pambali. Ankatola nyemba ndi zala za phazi lodwala lija n'kuponya m'kapu, thukuta lili pamphumi kunja kukuzizira. Zambiri zinkagwera panja.

"Iwe, nyemba zanga zodzala ndi mapazi?"

"Zikamera bwino mudzandithokoza, amayi."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba oseka amene anandiuza chivulalire. Ndinakhala pansi n'kumatola zogwera panja kubwezera palichero. Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse mpaka mvula yoyamba, nthawi yomwe ija imene kale ndinkathowa. Kapu ikadzaza ankakhuthula n'kuyambiranso. Ndipo tinapangana chinthu chimodzi, bambo ake ali pomwepo: pakapweteka anene, ndipo inenso msana ukandipweteka ndinene.

Lero amayenda mowongoka. Ndamuyang'ana m'galasi la sitolo ija kangapo iye osadziwa, ndipo mapazi onse awiri amaponda pansi mofanana. Mulungu anandichitira chifundo chimene sindinachigwirire ntchito. Kukazizira kwambiri amati pakakolo pakuluma, ndipo amanena, sabisa. Muzu uja bambo ake anaudula ndi nkhwangwa n'kusalaza pansi ponse.

Anabwereranso pabulugamu. Aphunzitsi akuti osankha aja adzabweranso, ndipo ine sindimuletsa. Koma mpira ukayamba kugunda m'mawa ndimasiya tsache n'kukaima pakona ya nyumba. Ngati walowa m'limu kapena waphonya, ine sindidziwa. Maso anga amakhala pansi, paphazi lamanzere, mpaka litatera.