Dilamu Lomwe Tinalitseka Poopa Chisanu

Nditamaliza maphunziro a ku yunivesite ndinakhala ku Sadzi wopanda ntchito, mpaka mkulu wina wa mpingo wathu atandiuza kuti Mayi Chikaonda akufuna woyang'anira nyumba yawo ya alendo pamwamba pa phiri la Zomba. Mayiwa anali atangobwera kumene kuchokera ku Ulaya, komwe anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri.

Madzi osamba tinkatenthetsa ndi nkhuni. Kuseri kwa nyumba kunali dilamu lachitsulo logonekedwa pa ng'anjo ya njerwa. Paipi imodzi inkabweretsa madzi ozizira kuchokera kuthanki, ina inkapititsa otentha kubafa, ndipo yachitatu inangoima chilili kupitirira denga, kukamwa kuli yasa. Wosonkha moto anali Che Jafali, bambo wanthabwala amene ankanditcha "a Digiri".

M'mawa wina m'mwezi wa Juni udzu unayera mbuu ndi chisanu. Mayi anatekeseka. "Ku Ulaya ndinaona madzi ataundana, mapaipi n'kung'ambika," anatero. "Kulungani onse ndi masaka. Yoyasamayo itsekeni, ikulowetsa mphepo." Tinakulunga, ndipo pa yoimayo tinamangapo chotsekera chachitsulo ndi sipanala. Analamulanso kuti madzulo tizitseka valavu ya kuthanki kuti madzi ozizira asamagone m'mapaipi. Panalibe anatsutsa, poti zonse zinkamveka zanzeru.

Patapita masiku ochepa, Che Jafali anakoleza moto asanatsegule valavuyo. Alendo anali asanadzuke, choncho panalibe mpopi wotsegula. Ndikubwera ndi tiyi wa Che Jafali, ndinamva dilamu likugunda m'kati, ndipo mbali yake yafulati inali itatupa.

"A Digiri, taonani, lero dilamu lakhuta kuposa ife!" anaseka, akuwerama kuti aponyemo chikuni china.

Ndisanayankhe, linaphulika.

Njerwa zinauluka, nthunzi inaphimba bwalo lonse. Itayamba kuchoka, ndinawaona ali kwala pansi, khungu la mkono wamanja litasupuka ngati la mbatata yophika. Sanalire. Ankangouyang'ana mkonowo, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, uwu ndi wangadi?"

Tinawathira madzi ozizira, n'kutsika nawo msewu wokhotakhota uja kupita kuchipatala m'tauni. Njira yonse Mayi ankayendetsa galimoto akubwereza mawu amodzimodzi: "Inetu ndimateteza mapaipi." Che Jafali anachira, koma zala zawo sizipindikanso. Nkhwangwa sangagwire.

Nthawi yonse yomwe ndinakhala paphiripo, madzi sanaundanepo m'paipi. Masaka okha anali okwanira. Paipi yoyasama ija ndiyo inali potulukira nthunzi, ndipo madzi omwe ali pamoto sayenera kutsekeredwa mbali zonse. Tinatchinga ngozi ya kudziko lina, n'kudzipangira yathu. Lero ndisanatseke chilichonse pa ntchito, ndimayamba ndafunsa chifukwa chimene anachisiyira chotsegula, komanso kuti amene amagwada pafupi nacho ndani.