Fayilo ya ba Dainess

Ba Dainess Ng'ombe anakulira ku Kafue Estates. Bambo awo anachoka ku Malaŵi kudzagwira ntchito ya njanji. Iwo anaphunzira kutayipa akadali mtsikana, natayipa makalata pa fakitale ya nsalu mpaka tsiku lomwe mageti anatsekedwa. Kenaka anayamba kusoka mayunifomu ku Nangongwe.

Mpingo wawo utafuna buku la mbiri yake, ba Dainess ndiwo anayenda khomo ndi khomo zaka ziwiri kufunsa achikulire. Anafika mpaka ku Shimabala, kwa nkhalamba ina imene inkakumbukira mayina a anthu oyamba kupemphera m'shedi ya njanji. Patangopita mwezi nkhalambayo inamwalira. Zonse ankalemba pa kompyuta yakale, osaiwala kachipewa ka pa ŵ. Kompyutayo inapsa tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu, koma fayilo inatsala pa fulashi.

Fulashiyo anaipereka kwa ba Gershom Tembo, mlembi wa komiti ya mpingo, amene ankaimba nawo kwaya kuyambira ali ana.

Loweruka pa msonkhano, ba Gershom anatsegula fayilo ija pamaso pa onse. Pamene panali Malaŵi panatuluka "MalaÅµi". Dzina la ba Dainess lomwe linasanduka "Ngâ€™ombe". Tsamba lililonse linali ndi tizilembo tosadziwika.

"Onani mweka," anatero ba Gershom. "Fayilo yafa. Makina a ba Dainess anali na vairasi. Nizayesa kulemba zonse mwatsopano."

Ba Dainess anaimirira napepesa. Anatenga fulashi yawo, ndipo ku komiti sanapitenso.

Buku linatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi, pachikuto pali dzina la ba Gershom lokha. Ba Dainess anawerenga atakhala pa makina osokera. Chiganizo chilichonse chinali chawo. Ngakhale pamene chala chinaphonya n'kulemba "Shimbala", panali pomwepo.

Anapita m'tauni kwa ba Towela, mayi wa shopu yosindikiza mapepala, nawapempha kuti aione fulashiyo. Ba Towela atatsegula, kabokosi kanafunsa mtundu wa zilembo. Anasankha pamene panalembedwa UTF-8, ndipo mawu onse anabwerera m'malo mwake.

"Sinafe iyi, amai. Kompyuta imangowerenga na njira yolakwika mukapanda kuiuza." Anayang'anitsitsa tsamba loyamba. "Koma ninaionapo. Ba Tembo anabwera nayo kuno, ninawaonetsa mochitira. Anachita kulemba pa kapepala."

"Linali liti?"

Ba Towela anayang'ana pa kompyuta yawo, pamene fayilo yokonzedwa inasungidwa. Linali Lachinayi, masiku awiri msonkhano uja usanachitike.

Lamulungu ba Dainess anadikira ba Gershom pakhomo la tchalitchi.

"Ba Gershom, ninapepesa pamaso pa anthu, imwe mukudziwa kuti fayilo sinafe."

Ba Gershom anayang'ana nsapato zawo. "Abusa a ku Lusaka anali kubwera kuzaona buku, mlongo wanga. Nafuna kusankhiwa ukulu wa mpingo chaka chino. Tizakonza pa kusindikiza kwachiwiri."

Kusindikiza kwachiwiri sikunachitike, ndipo ba Gershom anasankhidwadi.

Ba Dainess sanakasume kwa abusa. Ena amati n'chifukwa cha akazi a ba Gershom, amene anawasamalira pa maliro a amuna awo. Kwaya anaisiya. Kutchalitchi amapitabe, amakhala benchi yakumbuyo, ndipo ba Gershom akayamba kuwerenga zolengeza amatuluka kukaima panja mpaka zithe.