Nsagwada ya M'chigwembe

Ndimaukumbukabe mswachi wofiira, wothothoka, umene aphunzitsi anandipatsa tsiku limene ndinalowa kalabu yawo yofukula mafupa akale. Ndinali Sitandade 6. Aphunzitsiwo anali a kumpoto, kumene ankati kunafukulidwa mafupa a chinyama chachikulu kuposa basi, mafupa osanduka miyala. "Nthaka ya kuno nayo yabisa zake," ankatero. Ife tinakhulupirira.

Mvula itasiya, Loweruka tinkatsikira m'zigwembe za kumunsi kwa phiri la Michesi, zimene madzi a napolo anang'amba kale. Tinkatola zigoba za nkhono ndi miyala yamizeremizere. Tsiku lina tinafukula ng'ombe yofa chaka chomwecho, mphutsi zili nyakanyaka. Fungo lake linandikanirira m'mphuno, nyama ndinaikana kwa nthawi.

Kenako ine ndinapeza nsagwada. Inasuzumira m'khoma la chigwembe, yachikasu, dothi lakuda litadzaza m'mano. Aphunzitsi anaitembenuza m'manja, nayang'ana uku ndi uku.

"Iyi ndi ya nyani wakalekale. Usakauze munthu kumudzi, angatisokoneze."

Ndinaikwecha ndi mswachi uja. Pamene dothi linauma ndinkalavulirapo malovu. Malovu anga.

Aphunzitsi anaiika mu ofesi pa nsalu yoyera. Alendo atabwera kudzayendera sukulu, anawaonetsa monyadira. Mlendo wina anaigunditsa pa chibwano chake n'kumaiyankhulitsa, anzake akufa ndi phwete. Dzino limodzi linagwa pansi, aphunzitsi n'kulimata ndi guluu. Ine ndinaseka nawo.

Tsopano ndakula, ndipo sindiwapezera chifukwa chowakhululukira. Munthu wophunzitsa sayansi sangasokoneze mano a nyani ndi a munthu. Ankadziwa. Ankangofuna kuti kalabu yawo itchuke.

Chinsinsi chinandilemera. Tikusenda nandolo pakhonde, ndinadzitama kwa amayi za nsagwada ija. Manja awo anaima.

"Chigwembe chake chiti? Mano akutsogolo anali ndi mpata?"

Ndinavomera. Anandikokera kuseri, nanditsuka m'manja ndi phulusa ndi sopo mpaka khungu linawawa. M'mawa amalume anapita kusukulu ndi nsalu yatsopano. Anabwera atakulungamo nsagwada ija, ataifungatira pachifuwa, osapatsa munthu moni m'njira. Kalabu inathera pomwepo.

Patapita zaka ndipamene ndinamva kuti amayi anali ndi mng'ono wawo amene napolo anamukokolola ine ndisanabadwe. Anamufunafuna m'matope osamupeza. Kaya nsagwadayo inali yake, palibe angatsimikize.

Koma tsiku limene amalume anakaitenga lija ine ndinafufuma ndi mkwiyo, poti andilanda chinthu chimene ndinatola ndekha. Sindinamvetse chifukwa chake amayi anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, miyendo atatambasula, akuitana m'Chilomwe dzina limene ndinali ndisanalimvepo.