Bokosi lachitatu la achimwene a Zuze

Inu amene mumati funso lililonse limathera pa inde kapena ayi, tandiyankhani: achimwene anga a Zuze ali moyo?

Achimwene, dzulo ndimadziphunzitsa kapulogalamu ka pakompyuta kothetsa mafunso ozunguza mutu. Mfundo iliyonse kamaiponya m'limodzi mwa mabokosi atatu: zoona, zabodza, kapena sizikudziwika. Ndinakumbukira tsiku lija tikutola thonje kwa Makhuwira, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munandinong'oneza kuti, "Iwe wapakamwa, akakufunsa za ine usati inde, usati ayi. Uziti sindikudziwa." Sabata isanathe, amuna atatu anakukwezani m'galimoto pamsika masanasana. Atandifunsa za inu, ndinayankha momwe munandiphunzitsira, mkodzo ukutsika m'miyendo.

Mpaka lero mudzi wonse ukundibwezera yankho lomwelo. Amayi anamwalira akukanabe kukwirira thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo wanu. Ine ndakalamba, koma izi ndikulemba ndikucheukacheuka kukhomo. Kapulogalamu kaja kakapeza umboni kamasuntha mfundo. Inu amene munaima pamsika paja, ena mukadalipo ndipo mukuwerenga. Ndiuzeni kumene galimotoyo inalowera, achimwene achoke m'bokosi lachitatu.